Ana Akugwira Kale Mawaya: Tiwaphunzitse Kuyeza

Aphunzitsi anzathu a ku Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, mawa mukalowa m'kalasi la Fomu 2 tafunsani funso ili: ndani analumikizapo batire ku invata kwawo? Muwerenge manja amene akwezedwe.

M'chaka cha 2019, madzi atachepa m'damu la Kariba, magetsi a ZESA ankazima mpaka maola 18 pa tsiku. Mabanja amene anatha anagula masola, mabatire ndi mainvata, ndipo wotumidwa kulumikiza nthawi zambiri amakhala mwana wa sukulu, poti ndiye wophunzira m'nyumbamo. Choncho funso loti ana a sekondale agwire mawaya kapena ayi linatha kale. Akugwira. Chatsala n'chakuti awaphunzitsa ndani.

Maganizo anga ndi akuti phunziroli liyambe ndi batire la mavolti 12 ndi mita yoyezera, ija amati multimeter, osati ndi zojambula za pabolodi zoti ana aloweze. Taonani chitsanzo ichi. Invata ikamapereka mawati 600, imakoka maampi pafupifupi 50 kuchokera ku batire la mavolti 12, chifukwa 600 kugawa ndi 12 ndi 50. Koma mawati omwewo pa magetsi a m'nyumba a mavolti 230 safika n'komwe maampi 3. Mwana wosadziwa amatenga waya wowonda wa ayironi yakufa n'kulumikiza kubatire, akumati, "Aa, mavolti 12 okha, palibe vuto." Wayayo amatentha, pulasitiki n'kusungunuka, pamene m'chipinda chomwecho mwagona anthu asanu. Amene anawerengera yekha samu imeneyi, n'kukhudza ndi chala waya wofunda poyesera m'kalasi, sadzaiwala kufunika kwa waya wonenepa ndi fyuzi.

Mwina mukuti, "Zipangizo tizitenga kuti?" Zoona, sukulu zambiri zilibe chipinda cha ntchito zamanja. Komatu mita imodzi, mabatire a tochi, timababu ndi mawailesi akufa n'zokwanira teremu yoyamba. Ku Siyaso, mu Mbare momwemo, zakufa zotere sizisowa. Magetsi a pasoketi okha asawayandikire. Amenewo adikire mlangizi wa satifiketi. Ma TV akale aja asawatsegulenso, chifukwa amasunga mphamvu mkati ngakhale atazimitsidwa.

Vuto lalikulu lili m'mitima ya makolo, ndipo sindiwaimba mlandu. Boma la Ian Smith linakonza mu 1966 zotsegula sukulu za F2, kumene ana a anthu akuda oonedwa ngati ofooka m'kalasi ankaphunzira ntchito zamanja. Sukuluzo zinathetsedwa dziko litalandira ufulu mu 1980, koma chipsera chinatsala. Ngakhale komiti ya Nziramasanga inalimbikitsa maphunziro a luso mu 1999, kholo likamva kuti mwana wake wapatsidwa phunziro lamanja limaganiza kuti aphunzitsi amutaya. Ifenso timawonjezera moto tikamakankhira kumeneko ana okhawo amene alephera masamu, chonsecho zamagetsi ndi masamu enieni. Atsikana nawonso timawasiya, ngati kuti iwo satchaja foni.

Ndiye pokonza kalasi lanu, sakanizani anzeru ndi ovutikira, anyamata ndi atsikana. Pa tsiku la makolo, musalankhule zambiri. Muitane mtsikana mmodzi, mumupatse mita ndi tochi yakufa, apeze pamene yadukira makolowo akuona.