Tebulo la Agogo Lisapite Motchipa

Ambiri a ife kuno ku Thekerani tinakulira pambali pa tebulo lofiirira, lolemera, limene agogo ankati "ndi la mbawa ili, musalikwere." Ena analilandira kwa bwana wa pa esiteti pamene ankabwerera kwawo, ena analigula atapuma ntchito ya ukapitawo kapena ukhukhi. Lero tebulo lomwelo talikankhira kukhonde, nkhuku zikugonapo, ife tikudyera pa lapulasitiki.

Tiyi atayamba kulimidwa ku Thyolo cha m'ma 1908, azungu a m'maesiteti anafuna mipando, makabati ndi mabedi onga a kwawo. Ku England mitengo ya mahogany yochokera ku Jamaica ndi Honduras inali itatchuka kalekale, makamaka kuyambira masiku a mmisiri Thomas Chippendale, amene anatulutsa buku la mapangidwe a mipando mu 1754. Kuno anapeza m'bale wake wa mtengowo m'mphepete mwa mitsinje yathu: mbawa, imene akatswiri a zomera anaitcha Khaya nyasica potengera dzina la Nyasaland. Koma ocheka matabwa ndi kupala anali makolo athu, ena ataphunzira ukalipentala ku mishoni. Tikamati "mipando ya atsamunda," tisaiwale kuti manja anali athu.

Mbawa zikuluzikulu zija zatha. Tonse taona mmene phiri la Thyolo layerera. Mu 2022 mayiko a m'pangano la CITES anagwirizana zoika malire pa malonda a mbawa ya mu Africa. N'chifukwa chake anthu osonkhanitsa zinthu zakale amafunafuna mipando yotere, ndipo wogula akafika pakhomo amanena mtengo wa nkhuku ziwiri pa chinthu chimene sitingachipezenso.

Tisanagulitse, tiyambe taliyang'ana bwino. Mbawa yakale imakhala yofiira moderako, ndipo amisiri akale ankalumikiza matabwa polowetsana, misomali yochepa kapena osaikapo n'komwe. Tikambirane ndi abale, chifukwa ndi chuma cha banja, komanso tifunse mtengo kwa akalipentala awiri kapena atatu.

Tikasankha kulisunga, tilichotse pa chinyontho. Chiperoni chikamawomba matabwa amafufuma, choncho miyendo ikhale pouma, ndipo lisagunde khoma kumene chiswe chimadutsa. Tilipukute ndi kansalu kouma n'kupakako polishi pang'ono. Bedi lakale tiyambe talimasula n'kufufuza nsikidzi m'molumikizira tisanagonekepo mwana. Ngati wina analipakapo penti kalekale, tisamale: penti yakale ina ili ndi mtovu, umene umawononga ubongo wa ana. Tisaipale m'nyumba, ndipo ana ndi amayi oyembekezera atalikire fumbi lake.

Dzinja likubwerali tibzale mbawa ngakhale ziwiri m'mbali mwa mtsinje. Imatenga zaka zambiri kuti ifike pocheka matabwa, ndipo ife sitidzadyera pa tebulo lake. Koma nayenso amene anasiya mbawa ya tebulo la agogo kuti ikule sanadyerepo.