ZA PAKHOMO PATHU: Katoni ya Kunsi kwa Bedi

Mwezi uno ndabwera ndi mlandu wa m'nyumba mwanga momwe. Ndikuulula cifukwa ndidziwa kuti katoni yonga imene inautsa mlanduwu iliponso m'nyumba zambiri muno m'Chilenje, ku Libala, ku Matero ndi ku Kalingalinga. Cimene cimasiyana ndi katundu wa m'katimo cabe.

Loweruka lina m'mawa, amai a kwathu posesa m'cipinda ca mwana wathu wacisamba anakoka katoni kunsi kwa bedi, poyesa kuti muli nsapato zakutha. Atatsegula anapezamo timatabwa tobiriwira ndi takuda tisanu ndi tiwiri, tina tokhala ndi mafani, tonse tokulungidwa m'manyuzipepala, mphemvu zitamangamo kale mudzi. Pomwepo anandiitana.

"Atate ake, bwerani mudzaone cuma ca mwana wanu. Nyumba ndi yaing'ono, ife tikusowa poika thumba la ufa, iye ali kusungira mphemvu zitsulo. Zimenezi lero zipita kudzala."

Mnyamatayo anacokera kubwalo ali wefuwefu. "Amai, conde musataye. Amenewo ndi ma graphics card. Tsiku lina adzatipulumutsa."

Onse awiri anandiyang'ana ine, ndipo ndinadziwa kuti tiyi wa m'mawa umenewo ndimwa wozizira.

Kodi khadi limeneli n'ciani?

M'bokosi la kompyuta ya patebulo muli thabwa lalikulu limene akonzi amati motherboard, pamene zipangizo zonse zimakumana. Purosesa ndiye mwini mudzi wolamula nchito, koma kujambula zimene maso athu amaona pa sikirini ndi nchito ina yolemetsa payokha. Sikirini wamba ya masiku ano ili ndi timadontho toposa 2 miliyoni, ndipo timadonthoto timakonzedwanso ka 60 pa sekondi iliyonse. Graphics card, kapena kuti khadi la zithunzi, ndi kathabwa kokhala ndi ubongo wakewake, kamene kamalowetsedwa pa motherboard kuti kasenze katundu ameneyu. Makampani odziwika kwambiri pa makhadiwa ndi Nvidia, imene inayamba mu 1993 ndi kutulutsa GeForce 256 mu 1999, ndiponso AMD, imene inagula kampani ya ATI mu 2006.

Wolemba makalata ndi kuwerengera ndalama safuna khadi lamphamvu. Koma mwana wathu amadyera pa zithunzi. Amakonza makalata oitanira anthu ku ukwati, mapulogalamu a maliro ndi mavidiyo a zikwati, ndipo ndalama zimene amapeza ndizo zimathandiza kulipirira mlongo wake ku koleji. Khadi likafa, sikirini imada bii, ndipo nchito yaima.

Mbali ya mwana

Poweruza mlandu sitimvera mbali imodzi, tsono ndinayamba ndi mwini katoni. Iye anatikumbutsa zinthu ziwiri, ndipo zonse ndi zoona.

Coyamba ndi njala ya makhadi imene inagwa pa dziko lonse kuyambira mu 2020 kufikira mu 2022. Mliri wa Covid-19 unasokoneza mafakitale ndi maulendo a katundu, pamene anthu ambiri anali kugula makompyuta ogwirira nchito kunyumba. Pa nthawi yomweyo ena anali kugula makhadi mazanamazana kuti azikumbira ndalama za pa intaneti, makamaka Ethereum. Mitengo inakwera kawiri, pena kuposa apo, ndipo ngati ku Ulaya ndi ku America komwe makhadi anali kusowa, nanga kuno kwathu kumene katundu wotere amafika pambuyo, wogulidwa ndi madola? Amene khadi lake linafa m'zaka zimenezo anayenda Cairo Road yonse ndi Town Centre nabwerako manja ali m'thumba.

Caciwiri ndi cilala ca mu 2024. Pa 29 Febuluwale caka cimeneco Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'Kariba anatsika kwambiri, kotero kuti pofika mu Seputembala nyumba zambiri muno m'Lusaka zinali kuona magetsi maola atatu okha pa tsiku, kawirikawiri pakati pa usiku. Zipangizo za magetsi sizikondwa ndi kuzima ndi kuyaka kwadzidzidzi kotere.

Usiku wina mu Okutobala, pamene panali maliro kwa anansi athu, mnyamatayu anapatsidwa nchito yokonza pulogalamu ya maliro yofunika m'mawa mwake. Malaiti anabwera usiku pakati, anaphethira kawiri, ndipo poyatsa kompyuta sikirini sinaonetse kanthu. Sitolo yotsegula nthawi imeneyo kunalibe. Iye anakoka katoni yomwe ija, anacotsa khadi lakufa, naikapo lakale laling'ono, ndipo tambala asanalire pulogalamu inali itatha. Amai ake sanatsutse zimenezi, pakuti iwo omwe anali kuphika kumaliroko ndipo anaona mapepalawo akugawidwa.

Mbali ya amai

Ndinayesa mlandu watha, koma amaiwo anangofunsa funso limodzi.

"Mwana wanga, usiku umene uja unagwiritsa makhadi angati?"

"Limodzi, Amai."

"Nanga asanu ndi limodzi enawa akudikira maliro a yani?"

Funso limeneli ndilo mtima wa nkhani yonse. Kusunga copumira sikulakwa. Dalaivala wa minibasi ya ku Chilenje amene ayenda wopanda tayala lapadera ndi wosasamala, koma amene adzaza mipando ya okwera ndi matayala asanu ndi awiri, ena a thirakitala, ena ophulika, ameneyo sitimuyamika kuti ndi wocenjera. Tsono tinagwirizana kuti makhadi onse ayesedwe limodzilimodzi tsiku lomwelo, ife tikuona.

Awiri oyamba anakana ngakhale kulowa. Anali a mtundu wa AGP, polowetsera pamene panayamba kuoneka m'makompyuta mu 1997 ndipo panayamba kusiyidwa mu 2004, pamene PCI Express inafika. Kompyuta iliyonse yogulidwa m'zaka za posacedwapa ilibe malo a khadi lotere. Lacitatu linali lija linafa mu Okutobala, limene mwini wake anasunga poganiza kuti mwina tsiku lina lidzakonzeka. Lacinai linali labwino pamene linalowa m'katoni, koma cinyezi ca m'dzinja ndi zitosi za mphemvu zinadya mano ake a golide, ndipo silinadzukenso. Lacisanu linali lalikulu, logulidwa kwa munthu pamtengo wotsika. Linayaka ndithu, koma fani yake inali kulira ngati cigayo, ndiponso linafuna magetsi oposa amene bokosi lathu lingapereke. Awiri otsiriza okha ndiwo anagwira nchito bwinobwino.

Makolo athu anali kudziwa kuti cimanga ca m'nkhokwe cili ndi adani ake, anankafumbwe ndi makoswe, ndipo mbewu yosungidwa zaka zambiri simera. Nankafumbwe wa zipangizo za kompyuta ndi nthawi. Khadi likhoza kukhala lamoyo, koma dziko n'kulipitirira. Kuti ligwire nchito limafuna pulogalamu yake yoliyendetsa, imene amati draiva, ndipo makampani sapitiriza kukonza madraiva a makhadi akale mpaka muyaya. Mwacitsanzo, mu 2021 Nvidia inaleka kutulutsa madraiva atsopano a makhadi ambiri a m'magulu a GeForce 600 ndi 700. Nayo mibowo yolumikizira sikirini imasintha: VGA ya mu 1987 inatsatidwa ndi DVI, kenaka HDMI ndi DisplayPort. Ndipo mtengo wa khadi logona m'katoni umatsika caka ndi caka, kotero kuti limene likadagula thumba la ufa dzana, mawa lidzasowa ngakhale wolilandira kwaulere.

Malangizo kwa osunga

Kwa inu amene muli ndi kompyuta panyumba, nazi zimene tinatolapo tsiku limenelo.

Yambani mwaona ngati copumira muli naco kale. Mapurosesa ambiri a Intel ali ndi mbali yojambula zithunzi m'kati mwao, kupatula amene nambala yao ili ndi cilembo ca F kumapeto. A AMD okhala ndi cilembo ca G nawonso ali nayo. Ngati wanu ndi wotere, khadi likafa mungolicotsa ndi kulumikiza nthambo ya sikirini ku motherboard, ndipo nchito wamba ipitirira popanda kugula kanthu.

Ngati mulibe mwai umenewu ndipo kompyutayo ndiyo khasu lanu, sungani khadi limodzi, laling'ono ndi loyesedwa. Polowetsera pa PCI Express pamapereka magetsi osapitirira mawati 75. Khadi lokhutira ndi magetsi amenewa silifuna nthambo yapadera, motero limalowa pafupifupi m'kompyuta iliyonse, yanu kapena ya mnansi. Lalikulu limafuna nthambo za mapini 6 kapena 8, ndipo pa tsiku la tsoka mungapeze kuti bokosi lanu lilibe.

Kasungidwe nakonso ndi nkhani. Nyuzipepala ndi pulasitiki ya kumsika si zofunda za khadi. Liikeni m'kathumba kake kotuwa konyezimira, kamene kamateteza ku magetsi a m'thupi, aja amathetheka povula juzi m'miyezi youma ya Juni ndi Julai. Ponyanimo timapaketi toyamwa cinyezi tija timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano, tsekani m'cikho cotsekeka bwino, ndipo muike pamwamba, osati pansi pa simenti. Poligwira, gwirani m'mphepete, mutayamba mwakhudza citsulo ca bokosi, kompyuta ili yozula ku khoma. Lembani pa kapepala tsiku limene munaliyesa, ndipo muziliyesa kawiri pa caka, mvula isanayambe ndi itatha. Copumira cosayesedwa ciri ngati tayala lapadera limene mwini sanaonepo ngati muli mpweya.

Pogula khadi logwirapo kale nchito, kumbukirani kuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Pamene Ethereum inasintha kayendetsedwe kake mu Seputembala 2022 ndi kuleka kufuna makhadi, ambiri amene anagwira nchito usana ndi usiku kwa zaka anathiridwa pamsika pa mitengo yokopa. Musapereke ndalama musanalione likugwira nchito kwa kanthawi, mukumvetsera fani ndi kuona ngati pa sikirini sipakutuluka mizere kapena timabokosi.

Potsiriza, kuteteza kumaposa kusunga. Ndalama zimene zikadagula makhadi atatu ogona m'katoni ndi bwino zigule cotetezera ku magetsi obwera mwamphamvu, kapena UPS imene imapatsa munthu mphindi zingapo zozimitsira kompyuta mwaulemu. Malaiti akapita zulani pulagi, ndipo akabwera dikirani pang'ono akhazikike.

Nanga akufawo apite kuti?

Apa ndipo amai a kwathu nawo analandira cidzudzulo cao, pakuti dzala si malo a zinthu zotere. Zipangizo zambiri zopangidwa 2006 isanafike zinalumikizidwa ndi mtovu, ndipo ife a m'Zambia sitifunika kuuzidwa ndi alendo za kuopsa kwa mtovu. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nao akupezeka ndi mtovu m'magazi, umene umaononga ubongo wa mwana. Kathabwa kotayidwa kudzala kamatoledwa ndi ana kuti kakhale galimoto yoseweretsa, kapena kamaochedwa pamodzi ndi zinyalala madzulo, utsi wake n'kulowa m'nyumba zathu zomwe. Lipoti la mabungwe a United Nations la mu 2024 linati mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo za magetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anai ndizo zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso moyenera. Kuno kwathu bungwe loyang'anira zinyalala zoopsa ndi ZEMA, ndipo ndiko koyenera kufunsa za amene ali ndi cilolezo cotolera zotere.

Ciweruzo

Mlandu tinaugamula motere. Khadi laling'ono lija linatipulumutsa usiku wa maliro latsala, ndipo tsopano likugona m'cikho pamwamba pa wadirobu. Lalikulu lagulitsidwa kwa mkonzi wa makompyuta, atauzidwa zoona zonse za fani yake. Anai opanda nchito aikidwa pambali m'thumba lomanga, kudikira kupita kwa otolera. Mwini wake anadandaula pang'ono za a AGP aja, nati ndi cikumbutso ca kompyuta yake yoyamba. Ndinamuyankha kuti pa Nyumba 394 pano pa Chilenje, pamene a Kenneth Kaunda anakhala kuyambira mu 1960 kufikira mu 1962, pali Land Rover yakale imene imasungidwa kuti anthu aziiona, koma palibe amaiwerengera kuti idzamupereka ku cipatala usiku. Cikumbutso ndi copumira ndi zinthu ziwiri, ndipo nyumba yathu si yosungiramo zakale.

Latsala limodzi, labwino lija laciwiri. Pa mzere wathu pali mtsikana wa ku sekondale amene kompyuta yosiyidwa ndi malemu atate ake inakhala miyezi isanu yosayaka, amai ake atauzidwa kuti afunika kugula ina. Mwana wathu anapita kukaiona, ndipo vuto linali khadi lokha. Lero mtsikanayo akuphunzirirapo. Akulu anati kupatsa ndi kuika, ndipo ndaona kuti pa zipangizo za kompyuta mwambiwu ndi woona kuposa pa cina ciliconse: khadi limene likugwira nchito kwa mnansi silicita dzimbiri, ndipo tsiku limene lathu lidzafa usiku, tidziwa khomo logogoda.

Kunsi kwa bedi kuja tsopano kuli thumba la ufa. Inunso, abale anga, Loweruka likubwerali kokani katoni yanu, muwerenge zimene zilimo, ndipo mudzifunse funso la amai a kwathu. Tidzacezanso mwezi wa mawa.