Mabuku a Heck m'laibulale yathu: tiwachotse kapena tiwawerenge ndi ana?



Chiyambire teremu ino, nkhani yomwe yakambidwa kwambiri pasukulu pano ndi ya mabuku atatu amene tinawapeza m'katoni ya mabuku a mphatso. Komiti ya makolo ikambirana za mabukuwa mwezi wamawa, ndipo ena apempha kuti achotsedwe. Popeza ine ndi amene ndimaphunzitsa za Chisilamu, ambiri akhala akundifunsa maganizo anga. Ndawawerenga onse atatu ndipo yankho langa ndi ili: asachotsedwe, komanso asasiyidwe m'manja mwa ana popanda wamkulu wokambirana nawo.

Kwa amene simunawaone, mabukuwa analemba ndi Dale E. Basye wa ku America. Loyamba, lotchedwa Heck, linatuluka mu 2008, ndipo Rapacia ndi Blimpo anatsatira mu 2009 ndi 2010. Mawu akuti heck azungu amawanena pozemba kutchula Jahena. Nkhani yake ndi ya ana awiri apachibale, Milton ndi mlongo wake Marlo, amene akufa pa ngozi yoseketsa m'sitolo yaikulu, chimbalangondo chachikulu chopangidwa ndi switi wofewa chitaphulika. Atafa akupezeka pa sukulu ya chilango ya ana osamvera, komwe aphunzitsi ake ndi anthu akale a mbiri yoipa. Wophunzitsa khalidwe labwino kumeneko ndi Richard Nixon, pulezidenti wa America amene anatula pansi udindo mu 1974 chifukwa cha chinyengo. Buku lililonse lili ndi dera lake, lina la ana aumbombo, lina la ana okonda kudya, motengera chithunzi cha magawo a Jahena chimene analemba Dante wa ku Italy zaka 700 zapitazo.

Maganizo amene ndamva ndi amitundu itatu. Ophunzira ambiri akuti mabukuwa ndi oseketsa basi, ndipo akudabwa kuti akuluakulu tikuvutika ndi chiyani. Mnyamata wina wa Fomu 2 anandiuza kuti mkulu wa sukulu ya m'bukumo amamukumbutsa mphunzitsi wina wa kuno, koma anakana kumutchula. Mnzanga wophunzitsa Chingerezi akuti aka ndi koyamba kuona ana akulimbirana buku losakhala pa silabasi, ndipo ena amene amalephera kumaliza ndime imodzi amaliza buku lonse. Pamene mayeso a MSCE amafuna kuti mwana akhoze Chingerezi kuti alandire satifiketi, mawu amenewa si opepuka. Koma bambo wina, kholo la mwana wathu, anabwera atanyamula bukulo m'jumbo ngati chinthu chodetsedwa. Anati: "Aphunzitsi, ife timagona m'zigafa kuti tipeze fizi, ndiye mwana azibwera kunyumba akuseka za Moto?"

Ndiyambe ndi bamboyu, chifukwa nkhawa yake ili ndi maziko. Kukhulupirira tsiku lomaliza ndi imodzi mwa nsanamira zisanu ndi imodzi za Imani. Mu Surah At-Tawbah, ndime 65 ndi 66, Allah akudzudzula mwamphamvu anthu amene ankachita chipongwe ndi zizindikiro Zake ndi Mtumiki Wake, kenako n'kumati ankangocheza. Choncho kholo limene likunjenjemera poona mwana akuseka nkhani ya chilango cha pambuyo pa imfa silikulakwa. Mtima umene wazolowera kuseka chinthu umasiya kuchiopa pang'onopang'ono.

Komabe tisafulumire kunena kuti kuseka kulikonse kokhudza Akhira ndi chipongwe. Imam Tirmidhi analemba mu Shamail nkhani ya gogo wina amene anapempha Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, kuti amupempherere akalowe ku Jannah. Mtumiki anamuyankha mwanthabwala kuti kumeneko sikukalowa nkhalamba. Gogoyo atayamba kulira, anamufotokozera kuti akalowa atabwezeredwa utsikana wake, monga momwe Surah Al-Waqi'ah ikunenera. Taonani kuti nthabwalayo inali ya Jannah yeniyeni, koma inalibe bodza, ndipo inathera pa kumusangalatsa munthu ndi choonadi. Muyeso umenewu ndi umene ndagwiritsa ntchito powerenga mabuku a Heck. Funso langa silinali lakuti kodi ana akuseka, koma lakuti akamaliza kuseka, m'mutu mwawo mukutsala chithunzi chotani cha Allah ndi chiweruzo Chake.

Apa ndi pamene ndapeza vuto lenileni, ndipo si limene ambiri akulitchula. Tsiku lina titaweruka, mtsikana wina wa Fomu 1 anatsalira m'kalasi. Mchimwene wake wamng'ono, wazaka zisanu ndi chimodzi, anamwalira ndi malungo chaka chatha. Anandifunsa chapansipansi kuti: "Aphunzitsi, mwana uja ankaba shuga ndipo ankanama. Kodi ali kumalo ngati aja a m'buku?" Mtsikanayu sankaseka. Anali atasunga funso limeneli kwa masabata awiri.

M'nkhani ya Basye, ana amalangidwa chifukwa cha zolakwa za ubwana. Choipa kwambiri n'chakuti Milton, mwana wofatsa ndi wokonda mabuku, akupita kumeneko chifukwa mlongo wake anamuikira chinthu chakuba m'chikwama iye osadziwa. Dziko la pambuyo pa imfa likuoneka ngati ofesi yosokonekera, momwe munthu wosalakwa angathe kulangidwa chifukwa cha mapepala. Mlembiyo akuseka maofesi ndi masukulu a kwawo, ndipo wamkulu amatha kuona zimenezo. Mwana wolira maliro sangazione.

Ndinamukhazika pansi mtsikanayo n'kumuuza zimene dini yathu imaphunzitsa. Mu Hadith yomwe analemba Abu Dawud ndi ena, Mtumiki anatiuza kuti cholembera chachotsedwa pa anthu atatu: wogona mpaka adzuke, mwana mpaka athe msinkhu, ndi wamisala mpaka achire. Shuga amene mwana uja ankaba sanalembedwe paliponse. Mu Sahih Bukhari muli nkhani ya maloto a Mtumiki, momwe anaona Mneneri Ibrahim ali m'munda wobiriwira atazunguliridwa ndi ana ambirimbiri amene anamwalira ali aang'ono. Ndipo Surah An-Nisa ndime 40 ikutsimikiza kuti Allah sapondereza munthu ngakhale ndi chinthu chochepetsetsa. Kwa Iye kulibe fayilo yosochera, kulibe kalaliki wolakwitsa dzina, kulibe wosenza mlandu wa mnzake. Mtsikanayo analira, koma anatuluka m'kalasimo mtima uli m'malo.

Ndakhala ndikuganizira za tsiku limenelo. Mwanayu wadutsa ku madrasa, amatha kuwerenga Surah zambiri pamtima, amadziwa mayina a Munkar ndi Nakir ndi mafunso atatu a m'manda. Koma palibe amene anamuuzapo kuti mchimwene wake alibe mlandu. Ife aphunzitsi a dini timafulumira kuphunzitsa za chilango cha m'manda, za kutentha kwa Jahena ndi kuonda kwa mlatho wa Sirat, chifukwa zimathandiza kuti ana akhale chete. Za chifundo timazinena mothamanga belu litatsala pang'ono kulira. Mantha amene mtsikanayu anali nawo sanayambe ndi buku la ku America. Bukulo linangowatulutsira poyera, ndipo likanakhala kuti linachotsedwa kale, mwina sakanandifunsa mpaka lero.

N'chifukwa chake sindikugwirizana ndi zochotsa mabukuwa. Chifukwa china n'chakuti laibulale si khomo lokhalo lolowera nkhani zotere. Ana athu amaonera Coco, filimu ya zidole ya 2017 yonena za dziko la akufa malinga ndi mwambo wa ku Mexico, ndi Soul ya 2020, pa mafoni a azichimwene awo ndi m'nyumba zoonetsera mavidiyo pa msika. Kumeneko kulibe shehe wowafunsa chimene amva. Ngakhale kumudzi, agogo amakamba nthano ya bilimankhwe amene anachedwa ndi uthenga wa moyo mpaka buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa. Tonse tinakula tikuimva ndi kuiseka, ndipo sinatichotse m'Chisilamu, chifukwa panali akuluakulu otiuza kuti iyi ndi nthano, ichi ndi chikhulupiriro. Ngakhale m'mabuku a Chiarabu nkhani zotere zilimo. Abul Ala al-Ma'arri, mlakatuli wosaona wa ku Syria amene anamwalira mu 1057, analemba Risalat al-Ghufran, ulendo wopeka wanthabwala wokacheza ndi alakatuli akale ku Jannah ndi ku Moto. Maulama ambiri anakayikira chikhulupiriro chake ndipo anamutsutsa polemba, koma bukulo likuwerengedwabe m'masukulu aukachenjede mpaka pano.

Kwa mnzanga wa Chingerezi ndikuti: kuwerenga kokha sikokwanira kuti buku tilitche labwino. Nthabwala zambiri za m'mabukuwa ndi zosewera ndi mawu a Chingerezi ndi mbiri ya America. Mwana wa ku Santhe kapena ku Chamama sadziwa Nixon, choncho chimene mlembi ankafuna kuti aseke chimamudutsa, n'kutsala ndi ziwanda ndi chilango. Iyenso akufunika womuthandiza.

Kuno ku Kasungu tonse timadziwa ntchito yosankha fodya. Mlimi satentha chigafa chifukwa wapezamo masamba owola, komanso sadinda belo osasankha n'kupita nalo ku Chinkhoma, poti likabwezedwa. Amakhala pansi n'kugwira tsamba lililonse. Luso limeneli ndi limene ndikufuna ana athu akhale nalo pa zimene amawerenga, chifukwa akachoka pano akakumana ndi mabuku ndi anthu otsutsa dini yawo mwaluso kuposa Basye.

Pempho langa ku komiti ndi ili. Mabukuwa akhalebe m'laibulale. Ophunzira a Fomu 3 ndi 4 azibwereka momasuka. A Fomu 1 ndi 2 aziwerenga m'gulu, pamodzi ndi mphunzitsi wa Chingerezi ndi ine, ndipo pomaliza tizifunsana mafunso atatu: mlembi akuseka ndani kwenikweni, ndi pati pamene nkhaniyi ikusiyana ndi Qur'an ndi Sunnah, nanga ndi chiyani chakusowetsa mtendere. Kholo limene silifuna kuti mwana wake awerenge lidziwitse ofesi, ndipo tidzalemekeza zimenezo popanda kumuchititsa manyazi mwanayo.

Kwa makolo ndikupempha chinthu chimodzi. Ngati pakhomo panu panagwa maliro a mwana, musaganize kuti otsalawo aiwala chifukwa akusewera. Afunseni chimene akuganiza za kumene m'bale wawo ali, ndipo auzeni za munda wa Ibrahim. Kwa inu ophunzira amene mwati mabuku a dini alibe nthabwala, mwanena zoona ndithu, ndipo nkhani zoseketsa za ana a Chisilamu m'Chichewa kapena m'Chiyao n'zosowa. Lembani zanu. Lembani za mwana wogona pa Taraweeh, za chisokonezo cha tsiku la Eid, za mbuzi ya Qurbani yothawira m'munda wa fodya. Zobisika za Akhira zisiyeni monga momwe Allah ndi Mtumiki Wake anazifotokozera. Bweretsani zolemba zanu kwa ine teremu isanathe, ndipo zabwino tidzapempha akonzi kuti azisindikize m'tsamba lino.

Allah ndiye Wodziwa bwino, ndipo tikumupempha atikhululukire pamene talakwitsa.