Lamulungu la pa kanema wa kale

Mukukumbukira Lamulungu la masiku a TVM? Kanema wa dziko lino anayamba mu 1999, mochedwa ndithu, popeza anzathu a ku Zambia anali naye kale kuyambira m'ma 1960. Tchanelo chathu chinali chimodzi, koma tsiku Lamulungu chinkayesetsa kusangalatsa aliyense: makwaya ovala yunifolomu, ulaliki, nyimbo, mpira ukapezeka, kenako nkhani madzulo.

Nyumba yokhala ndi kanema inkadzaza. Ana a m'makomo oyandikana ankakhala pansi atapinda miyendo, akuluakulu pa mipando, wina ali panja akupotoza nsungwi ya eriyo, a m'nyumba akukuwa kuti basi, pomwepo! Agogo ankaonera limodzi ndi adzukulu, wosakonda pulogalamu ankangodikira yotsatira.

Lero matchanelo ndi ambirimbiri, koma yesani kusinthasintha Lamulungu masana. Uku mneneri, uko mneneri wina, onse anagula nthawi. Mapemphero sitikuwakana ayi. Koma inu eni mawayilesi a kanema, tipatseniko masewero, za ulimi ndi za ana. Tsikuli ndi limene banja lonse limakhala pakhomo.