Ndani ayenela kusunga dzina la .zm?

Mlimi wa ku Simonga akamva za mikangano ya maina a pa intaneti angaganize kuti ni nkhani ya anthu a makompyuta ku Lusaka. Ife tikuti ikhudza thumba lake. Alendo amene amagona m'mahotela a m'mbali mwa Zambezi, kumene ana a pamudzipa amagwila nchito ndipo alimi amagulitsa ndiwo za m'dimba, amayamba kupeza malowo polemba dzina pa intaneti. Parishi yolandila thandizo kucokela kunja nayonso imadziwika ndi dzina. Dzinalo likalandidwa, kapena wacinyengo akapanga lofanana nalo, ndalama zimapita kwina.

Maina a dziko lathu amathela ndi zilembo ziwili, .zm, monga gov.zm ya maofesi a boma. Kuyambila mu 1994 anali m'manja mwa ZAMNET, kampani imene inabadwila pa University of Zambia. Lamulo la mu 2009 linakhazikitsa ZICTA, ndipo mu 2014 bungwe la ICANN, losunga kaundula wamkulu wa maina pa dziko lonse, linavomeleza kuti .zm ipite kwa ZICTA. Sitikutsutsa zimenezo. Cuma ca dziko siciyenela kukhala kwa kampani imodzi yamalonda.

Koma lamulo palokha silikwana. Aliyense wolima pa malo a mfumu adziwa kuti munda umakhala wako mwamtendele pamene wogawayo ni wovomelezeka kwa anthu, ndipo pali bwalo lokadandaulako malile akasunthidwa. Ufumu ukakhala pa mkangano, munthu amalima mwamantha. Taona zotele ku AFRINIC, bungwe la ku Mauritius logawa manambala a intaneti mu Africa muno. Milandu inalisiya lopanda atsogoleli, khoti inaika munthu woliyang'anila mu 2023, cisankho ca mu June 2025 cinafafanizidwa, ndipo anacita kucibweleza mu September. Ngakhale ICANN yeniyeniyo inatsutsidwa kwa zaka zambili cifukwa coyang'anilidwa ndi boma la America, mpaka pamene uyang'anilowo unatha mu 2016.

Kuno kwathu, akuluakulu a ZICTA amasankhidwa ndi nduna ya boma. Sitinaiwale za pa 12 August 2021, tsiku la masankho, pamene WhatsApp ndi Facebook zinaleka kugwila nchito. Bungwe la Chapter One Foundation linatengela ZICTA ku khoti, ndipo mu 2022 ZICTA inavomela kuti sidzacita kanthu kunja kwa lamulo kodula intaneti, ndiponso kuti intaneti ikaduka idzauza anthu cifukwa cake pasanathe maola 36. Nkhaniyo sinali ya maina a .zm ayi, koma bungwe lake ni lomweli. Mwini nyuzipepala, mtsogoleli wa chalichi kapena wa kopaletivu ali ndi cifukwa cofunsila ngati dzina lake lidzakhalabe pamenepo tsiku limene adzalankhula zosakondweletsa olamulila, kaya akhale a cipani citi.

Conco tipempha ZICTA ilembe m'Cinyanja, Citonga, Cilozi ndi zinenelo zina malamulo onena pamene dzina lingalandidwe, amene angalamule zimenezo, ndi kumene mwini dzina angakadandaule. Ibwelenso ku Livingstone kudzamva maganizo a eni mahotela, machalichi ndi magulu a alimi, osati kumangokumana ndi makampani a intaneti ku Lusaka. Ngati ifuna kuti eni malonda asankhe .zm m'malo mwa .com, cidalilo cimeneci ndico cidzawakope.

Inu a ku Simonga muli ndi khansala wa wadi yanu ndi phungu wa ku Nyumba ya Malamulo. Akabwela kudzakamba za njovu zoononga minda ndi za feteleza, muwafunsenso nkhani iyi, ndipo atsogoleli a parishi ailembe pa mndandanda wa zokambilana pa msonkhano wawo wotsatila.