Bambo akufuna kugulitsa Corolla, agule galimoto yaliwiro

Sabata yathayi ndalandira kalata kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Dzina sinditchula poti eni ake apempha choncho. Akuti pabanja atha zaka zisanu ndi chimodzi, ana alipo awiri, ndipo pakhomo pali Toyota Corolla yomwe anagula atasonkherana awiriwo. Tsono bambo akwezedwa pantchito, ndiye ayamba kunena kuti Corolla ndi galimoto ya agogo. Akufuna aigulitse, awonjezere ngongole ya kubanki, agule Subaru Impreza WRX, zija zikamadutsa mumangomva ngati kukubwera mvula yamabingu. Usiku ulionse bambo ali pafoni kuona zithunzi za galimoto za ku Japan, nsima mpaka kuzizira. Mayiwa akufunsa kuti, ndiwaletse kapena ndingokhala chete?

Ndati ndiyankhire pano chifukwa ndikudziwa kuti nkhaniyi ili m'makomo ambiri, kungoti ena dzina la galimotoyo ndi Altezza, ena Mark X, ena Golf GTI.

Choyamba, inu amayi, musawaseke bambowo. Munthu amene anakula akuthamangira minibasi, n'kumaona anzake akudutsa pagalimoto, akalakalaka chinthu chabwino sanalakwe. Kukonda galimoto si tchimo ayi. Mukayamba ndi mawu akuti "mwayamba chibwana", dziwani kuti galimotoyo ibwerabe, koma inu mudzangoiona ili kale pakhomo.

Tsopano ndilankhule ndi inu abambo, ndipo mundimvetsere bwino. Mtengo umene mukuuona pafonipo si mtengo wa galimoto. Umenewo nthawi zambiri umathera padoko la Dar es Salaam. Kuchoka apo pali wokaitenga, pali mafuta a ulendo wonse kudzera ku Mbeya mpaka pachipata cha Songwe ku Karonga, kenako a MRA akukudikirani. Msonkho wa galimoto kuno umayendera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo: injini ikakula, msonkho ukwera, galimoto ikakalamba, msonkho ukweranso. Nanga galimoto zaliwiro zimene thumba la banja lachinyamata lingafikire si zokalamba zomwezo? Altezza anasiya kupanga mu 2005. Ndiye iliyonse imene mungaipeze, ngakhale ikunyezimira chotani, yapitirira zaka 20. Chikomekome cha mkuyu, abale, m'kati muli nyerere.

Musaiwalenso kuti zonsezi zimawerengedwa m'madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeyala zoitanitsa kunja zinakwera nawo, koma malipiro a anthu ambiri sanasunthe. Corolla sipeyala zake mumazipeza pamsika uliwonse waukulu, zatsopano ndi zakale zomwe. Turbo ya Subaru ikafa, muyamba kuimbira anthu a ku Johannesburg kapena ku Dar, galimoto ili pamiyala kuseli kwa nyumba, ngongole ya kubanki ikudulidwabe mwezi ndi mwezi.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa ambiri sadziwa chimene chimadya ndalama pagalimoto zoterezi. Turbo ntchito yake n'kukankhira mpweya wambiri mu injini kuti iwotche petulo wambiri, n'chifukwa chake galimoto imauluka mukaponda. Mphamvu imeneyo siichokera kumwamba, ikuchokera m'thanki. Turbo imatenthanso kwambiri, choncho imafuna oyilo wabwino, wosinthidwa panthawi yake, osati uja wa m'zigubu zosadziwika. Galimoto ngati WRX ndi Altezza RS200 anazipangira petulo wa octane wapamwamba amene ku Japan amagulitsa pampope wakewake, pamene kuno tikafika pogulitsira mafuta sitisankha, timathira amene alipo. Ndipo amene anagona pamzere wa mafuta mu 2011 ndi 2012, kapena mu 2022 ndi 2024, akudziwa kuwawa kwake kwa kukhala ndi galimoto yomwa kwambiri pamene akukupatsani malita owerengeka.

Palinso nkhani ya matayala. Subaru imakoka ndi matayala onse anayi, ndipo anayiwo amayenera kukhala ofanana kukula ndi kutha kwake. Chizolowezi chathu chija chogula tayala limodzi la kaunjika lina likaphulika, pa Subaru chimaononga zitsulo za m'kati zodula kuposa matayalawo. Injini yake ya EJ20 ili ndi lamba wotchedwa timing belt woyenera kusinthidwa ikayenda makilomita pafupifupi 100,000. Akaduka muli paulendo, mavavu amapindika, ndiye kuti injini yonse itsegulidwe. Kodi wogulitsayo wakuuzani kuti lambayo anasinthidwa liti?

Funso lina limene ndimakonda kufunsa achinyamata ndi ili: kwanu n'kuti? Sindikunena ku Area 25 kapena ku Chilomoni, ndikunena kumudzi. Galimoto zaliwiro amazipanga zazifupi, mimba pafupi ndi nthaka, matayala opyapyala. Pahampu iliyonse mukwera chammbali ngati nkhanu, ndipo dzenje limodzi likhoza kudya tayala ndi limu pamodzi. Altezza ndi Mark X zimakankha ndi matayala akumbuyo, moti pamatope kapena pamsewu wonyowa kumbuyoko kumaterereka msanga ngati dalaivala sanazolowere. Tsiku lina uthenga wa maliro udzabwera mu Januwale, mvula ili pakati. Mudzaisiya patala galimoto ija, apongozi n'kukwera kabaza.

Koma zonsezi ndi ndalama chabe. Chimene chandichititsa kuti ndiyankhe kalatayi msanga ndi ana awiri aja okhala kumpando wakumbuyo. Corolla ya injini ya 1.5 ili ndi horsepower pafupifupi 110. Altezza RS200 ya giya yamanja ili ndi 210, WRX kuposa pamenepo. Munthu sagula mphamvu zoterozo kuti aziyenda ngati ali pamdipiti wa ukwati. Tsiku lina adzafuna aione. Tsono aionera kuti? Pamsewu wa M1, pamene pa Chimbiya, pa Lizulu ndi pa Kampepuza msika umafika m'mphepete mwenimweni mwa tala, pali akabaza, mbuzi, ngolo ndi ana ochokera kusukulu. Pali lamulo lachilengedwe limene silisamala kuti galimoto ndi ya mtundu wanji: liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti muime mutaponda mabuleki umawirikiza kanayi. Amene akuthamanga 120 amafuna malo ochuluka kanayi kuposa amene akuyenda 60. Mwana wothamangira mpira sadikira masamu amenewo.

Sindikuti aliyense wogula galimoto yamphamvu ndi wosasamala. Alipo abambo odekha amene amaisunga bwino, ndipo kunena zoona, mphamvu imathandiza popitirira thiraki pamtunda. Ngati mwawerengera zonse, fizi ndi lendi zili m'malo, ndipo mtima ukadali pomwepo, yambani ndi makaniko, osati wogulitsa. Mufunseni makaniko wanu kuti ndi injini iti imene amaidziwa ndipo sipeyala zake amazitenga kuti. Ngati galimotoyo ili konkuno, kaioneni m'mawa injini isanalizidwe, muone ngati ikutulutsa utsi wabuluu, chizindikiro choti ikudya oyilo. Imene mwini wake anaisinthasintha, paipi yautsi yaikulu, masipuling'i odula, ithaweni, chifukwa ameneyo sankapita nayo kutchalitchi kokha. Ngati ndi yoitanitsa, pemphani pepala la ku okishoni ya ku Japan, pamene amalemba makilomita ndi zilema zake, pakuti manambala a pa dashibodi anthu amabweza. Afunseninso a inshuwalansi musanalipire. Ndipo poiyesa, tengani mayi ndi ana omwe. Muone ngati mpando wa mwana ukukwana, ndiponso ngati thumba la chimanga likulowa m'buti.

Ganiziraninso zapakatikati. Subaru Legacy yopanda turbo kapena Altezza AS200 zimamupatsa munthu kukoma kwa chiongolero popanda mavuto onse a turbo, ngakhale kuti pa mafuta sizingafanane ndi Corolla.

Tibwerere kwa inu mayi amene munalemba. Kukhala chete ayi, chifukwa Corolla imeneyo muli thukuta lanu, kaya pabulubuku pali dzina la ndani. Kuletsa mwaukali ayinso. Ana akagona, khalani pansi ndi cholembera, muwauze kuti: "Bambo a ana, galimotoyo sindikuikana, koma tiyeni tiyambe taiyesa isanabwere." Muwerengere limodzi ndalama imene izidzapita kungongole pamwezi, kuwonjezera ya mafuta, oyilo, inshuwalansi ndi matayala yoposa imene mumaononga pa Corolla. Ndalama imeneyo muziika padera mwezi uliwonse kwa miyezi isanu ndi umodzi, osaikhudza, Corolla ikadali pakhomo. Mukafika mwezi wachisanu ndi chimodzi ana osabwezedwa kusukulu, ndiwo osasowa, ndiye kuti banja lanu likhoza kuinyamula, ndipo ngongole yake idzachepa chifukwa poyambira mudzakhala muli napo kale. Zikakanika mwezi wachitatu, bambo adzaona okha, inu osanena kanthu.

Mudzandilemberenso miyeziyo ikatha, ndimve kuti pakhomopo paima galimoto yanji.