Kodi Galu Angaphunzitse Mwana Kucheza ndi Anzake?

Kwathu kuno galu timamdziŵa pa ntchito ziŵiri: kuuwa usiku pothamangitsa mbala, ndi kupirikitsa kalulu kuuzimba. Munthu akafuna kunyoza mnzake mpaka kumfika pamtima, amamutcha galu. Tsono ndikanena kuti m'maiko ena muli asing'anga ndi aphunzitsi amene amaloŵa ndi galu m'chipinda chophunzirira kuti athandize ana kulankhula ndi kucheza ndi anzawo, ambiri mwa aŵerengi aseka, nati zimenezo nzachizungu. Ndikupempha kuti tiyambe tamva nkhani yonse, kusekako kubwere pambuyo, pakuti ana amene nkhaniyi ikuwakhudza sali kutsidya kwa nyanja kokha ayi. Ali kwa Goliyo, ali pa Chinseu, ali ku Makata ndi ku Malabada, ndipo ena a iwo akhala m'makalasi athu omwe chaka ndi chaka osapindulamo kanthu.

Ana amene ndikunenaŵa ndi aja ali ndi vuto lotchedwa otizimu. Mmodzi wa oyamba kulilongosola bwino anali Leo Kanner, sing'anga wa pa chipatala cha Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America, amene mu 1943 adalemba za ana 11 omwe makhalidwe awo adali ofanana modabwitsa. Mwana wotere kaŵirikaŵiri sayang'ana munthu m'maso. Ukamuitana dzina sacheuka, ngakhale kuti makutu ake amamva bwinobwino. Wina salankhula nkomwe, wina amangobwereza mawu amene wauzidwa, pamene wina amalankhula ndithu koma satha kuzindikira nthabwala, chining'a kapena nkhope ya munthu amene wakhumudwa. Phokoso la chigayo kapena la msika limampweteka monga momwe minga imapwetekera phazi. Mu 2023 bungwe loona zaumoyo padziko lonse lidati mwa ana 100 alionse, pafupifupi mmodzi ali ndi otizimu. Aliyense amene adaonapo khamu la ana otuluka pa sukulu ya pulayimale m'Ndirande nthaŵi yoŵeruka angathe kudziŵerengera yekha kuti ana otere tili nawo ambiri.

Chomvetsa chisoni nchakuti pakati pathu mwana wotere sapatsidwa dzina loyenera la vuto lake. Ena amati adalodzedwa. Ena amanong'onezana kuti makolo ake adamkhwimira kuti malonda awo ayende. Kusukulu amatchedwa wamwano kapena mbuli, ndipo mkwapulo umamgwera pa zinthu zimene iye sadalakwe mwadala. Mapeto ake mayi amatopa ndi miseche, namutsekera mwana m'nyumba iye akapita kumsika. Tiyenera kunenetsa poyera kuti otizimu ndi kakulidwe kosiyana ka ubongo, kamene mwana amabadwa nako, ndipo sikachokera kwa mfiti, kwa katemera kapena kwa mayi wosadziŵa kulera.

Nanga galu akubweramo bwanji? Nkhaniyi idayamba ndi Boris Levinson, katswiri wa maganizo a ana mumzinda wa New York. Tsiku lina mwana wina amene sankalankhula ndi munthu aliyense adafika msanga ku ofesi yake napeza galu wa katswiriyo, dzina lake Jingles. Mwanayo adayamba kuseŵera ndi galuyo ndi kumlankhula, ndipo kupyolera mwa galuyo, pang'ono ndi pang'ono adayamba kumasuka kwa Levinson yemwe. Levinson atalemba za zimenezi mu 1962, anzake ambiri adamseka monga momwe ife tingasekere lero. Koma mu 1989 ofufuza aŵiri, Redefer ndi Goodman, adayesa njirayi pa ana 12 a otizimu, napeza kuti galu akakhala m'chipinda anawo ankayandikira ndi kucheza ndi wowathandiza koposa kale, ndipo kudzipatula kwawo kunkachepa. Mu 2010 ofufuza a ku Quebec m'dziko la Canada adapima malovu a ana 42 napeza kuti cortisol, madzi a m'thupi amene amayendera limodzi ndi nkhaŵa, sankakwera kwambiri m'maŵa pa nthaŵi imene anawo ankakhala ndi galu wophunzitsidwa, ndipo galuyo atachotsedwa adayambanso kukwera.

Palibe matsenga pa zimenezi, ndipo mphunzitsi aliyense angathe kumvetsa momwe zimayendera. Poyamba, munthu ndi wovuta kumuŵerenga. Pakamwa pake amanena china, maso ake akunena china, ndipo mawu ake ali ndi zokuluŵika. Galu alibe chining'a. Akakondwa mchira umagwedezeka, akaopa makutu amagwa ndipo mchira umaloŵa pakati pa miyendo. Mwana amene nkhope za anthu zimamsokoneza amayamba kuphunzira pa chophwekacho kuti cholengedwa chinzake chili ndi mtima, ndi kuti zochita zake zingachikondweretse kapena kuchiopsa.

Chachiŵiri, galu amampatsa mwana chifukwa cholankhulira. Mwana akati "bwera" galu nabwera, akati "khala" galu nakhala, amaona ndi maso ake kuti mawu ali ndi ntchito. Akaponya mpira, galu nautola naubweza, waphunzira kudikira nthaŵi yake ndi kusinthana, zimene ndizo maziko a kucheza kulikonse. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, galu amakoka ana ena. Mwana amene anzake ankamthaŵa amapezeka kuti ndiye mwini wa chinthu chimene onse akufuna kuchigwira. Wina amfunsa dzina la galuyo, wina amfunsa chimene amadya, ndipo kukambirana kwayambika popanda mphunzitsi kukakamiza. Motero galu ali ngati mlatho. Mlatho sitimangapo nyumba, timangowolokerapo, ndipo tsidya limene mwanayo akuwolokera ndilo anthu anzake.

Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pali zinthu zinayi zimene munthu wa ku Ndirande ayenera kuziganizira asanathamangire njirayi.

Choyamba ndi chiwewe. Nthenda imeneyi imapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse padziko lonse. Pafupifupi onsewo amaitenga kwa galu, ndipo anayi mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15. Chipatala cha Queen Elizabeth chidaona ana ambiri akufa ndi nthendayi, ndicho chifukwa chake mu 2015 bungwe la Mission Rabies lidayamba ntchito mu Blantyre, nilibaya katemera agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Kholo limene limaletsa mwana wake kuyandikira galu wachilendo lili ndi nzeru, ndipo mwana wa otizimu, amene mwina sangathe kunena kuti walumidwa kapena kukandidwa, ali pangozi yoposa anzake.

Chachiŵiri ndi kaleredwe ka agalu athu. Galu amene amakhala pa unyolo usana wonse, amene amadya mkute wokha pamene watsala, amene ana amamgenda akadutsa, amakula ali waukali kapena wamantha. Galu wotere sangaloŵe m'kalasi. Agalu amene amagwira ntchito imeneyi amasankhidwa akali ana, amazoloŵezedwa anthu ndi phokoso, ndipo sachoka pambali pa wowayang'anira.

Chachitatu ndi ndalama. Pali agalu a mitundu iŵiri pa ntchitoyi. Wina amakhala ndi mwini wake namangoyendera ana kusukulu kapena kuchipatala. Wina amaphunzitsidwa pafupifupi zaka ziŵiri kuti azikhala ndi mwana mmodzi usana ndi usiku, namletsa kuthamangira pamsewu, monga adayambira kuchita a ku Canada chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Wachiŵiriyu amadya madola zikwizikwi. Banja limene likuvutika kupeza thumba la ufa silingalote za galu wotere, ndipo kungakhale kulinyoza kuliuza kuti chipulumutso cha mwana wawo chagona pamenepo.

Chachinayi nchakuti galu sachiza otizimu. Kafukufuku wambiri pa nkhaniyi adachitika pa ana oŵerengeka, ndipo si mwana aliyense amene amapindula. Ena amaopa galu kwambiri, ena kuuwa kwake kumawapweteka m'makutu. Tikumbukirenso kuti pali anansi athu ena, makamaka Asilamu, amene chipembedzo chawo chimawachenjeza za malovu a galu, ndipo ana awo ali m'makalasi omwewo.

Kodi tsono tiitaye nzeruyi? Ine ndikuti iai. Nyama imene ingakhale mlatho siyenera kukhala galu yekha. Mu 2013 wofufuza wina dzina lake Marguerite O'Haire adafalitsa zimene adapeza m'masukulu a mumzinda wa Brisbane ku Australia. Adagaŵa ana 99 m'timagulu ta atatu atatu, m'kagulu kalikonse muli mwana mmodzi wa otizimu. Nthaŵi zina ankawapatsa zidole, nthaŵi zina ankawapatsa mbira ziŵiri. Pamene panali mbira, ana a otizimu ankalankhula kwambiri, ankayang'ana nkhope za anzawo, ankamwetulira ndi kuseka koposa pamene panali zidole. Mbira imeneyi ndi yomwe ija agogo amaŵeta m'khitchini kumudzi. Siuwa, siisoŵa unyolo, imadya udzu ndi masamba otsala pamsika, ndipo khola lake mmisiri aliyense wa matabwa m'Ndirande angalikhome tsiku limodzi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimene azungu adachipeza ndi kafukufuku, ife tili nacho kuseri kwa nyumba.

Choncho ndikupereka maganizo atatu. Loyamba likupita kwa aphunzitsi anzanga. Kuyambira mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale adakhala aulere, makalasi athu adadzaza, ndipo kalasi la ana oposa 100 silachilendo m'matauni muno. Palibe amene angayembekeze kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi mwana mmodzi ola lathunthu. Komatu sukulu imene ili ndi chipinda chothandiziramo ana ovutika kuphunzira ingathe kuika khola la mbira kapena la akalulu pafupi. Mwana wa otizimu apatsidwe udindo wozidyetsa nthaŵi yofanana tsiku lililonse, pakuti ana otere amakonda dongosolo losasinthasintha. Apite ndi anzake aŵiri ofatsa, ndipo anzakewo azisinthana sabata ndi sabata. Mphunzitsi akhale pomwepo, aonetsetse kuti nyama ikugwiridwa mwachifundo ndi kuti manja asambidwa ndi sopo pambuyo pake, ndipo alembe m'kope zimene waona: mawu angati mwana wanena, wayang'ana ndani, wamwetulira liti. Koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, imene imaphunzitsa aphunzitsi a ana ofunika chithandizo chapadera, ndiyo ingathe kuyesa njirayi mwadongosolo ndi kutiuza ngati ikugwira ntchito pa ana athu.

Lachiŵiri likupita kwa makolo amene ali kale ndi galu pakhomo. Mbayitseni katemera wa chiwewe chaka chilichonse, mudyetseni, muchotseni nkhupakupa ndi utitiri, ndipo letsani ana kumgenda. Ngati ndi wofatsa ndipo mwana wanu akuonetsa yekha chidwi, aloleni azoloŵerane inu muli pomwepo. Mwana asakakamizidwe, ndipo asasiyidwe yekha ndi galu ngakhale kamphindi. Akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Lachitatu likupita kwa inu anyamata ndi atsikana amene mwatsiriza Folomu 4 ndipo mukudikira ntchito kapena malo kukoleji. Muli ndi chuma chimene aphunzitsi alibe, ndicho nthaŵi. Mwana wa otizimu amafuna munthu wodekha amene angabwereze chinthu chimodzi kakhumi osatopa, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yoyandikana nanu mukadzipereke kusamala khola ndi kuperekeza ana. Pitani kwa alangizi a ziŵeto kapena ku bungwe loteteza nyama la Blantyre SPCA mukafunse za kasamalidwe ka galu. Dziko lathu lidavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala mu 2009, ndipo lidakhazikitsa malamulo ake pa nkhaniyi mu 2012 ndi mu 2024. Koma lamulo lolembedwa papepala silingakhale pansi ndi mwana nkumphunzitsa kunena "moni". Imeneyo ndi ntchito ya munthu.

Ena adzati dziko losauka ngati lathu lili ndi mavuto aakulu oposa ameneŵa. Nzoona kuti mavuto ngambiri. Koma mwana amene watsekeredwa m'nyumba lero adzakhala munthu wamkulu amene sadziŵa kugula mchere pa okala kapena kupempha thandizo akadwala, ndipo makolo ake sadzakhala naye mpaka muyaya. Temple Grandin wa ku America, amene ali ndi otizimu ndipo adachedwa kulankhula ali mwana, adakula nakhala mphunzitsi wa zaziŵeto pa yunivesite ya Colorado State chifukwa adapeza anthu amene sadamtaye. Si mwana aliyense amene adzafika pamenepo, koma aliyense ayenera kupatsidwa mpata wofika pamene angathe. M'mera mpoyamba, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa 2 Epulo chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira anthu a otizimu. Chikanakhala chinthu chokoma kuti pofika tsiku limenelo sukulu imodzi yokha m'Ndirande ikhale itamanga khola lake, ndipo ana atatu akhale atagwada pambali pake, akupatsirana udzu.